Chiboliboli cha Hachikō ku Shibuya: Mbiri ya Galu, Mafilimu ndi Anthu Opita Kukamuona

Pakati pa malo amene alendo ofika mumzinda wa Tokyo, likulu la dziko la Japan, salephera kukaona, pali chiboliboli cha mkuwa cha galu wokhala tsonga, chimene chinaikidwa panja pa siteshoni ya sitima zapamtunda ya Shibuya. Galuyo ndi Hachikō, amene anafa m'chaka cha 1935 atatha zaka zambiri akubwerabwera pasiteshonipo, pomwe mbuye wake, yemwe ankamuchingamira kumeneko, anali atamwalira kalekale. Ambiri mwa alendo akunja amene masiku ano amaima pamzere kuti ajambulitse pambali pa chibolibolichi anamva za galuyu koyamba kudzera mu filimu, makamaka ya ku America ya m'chaka cha 2009, ndipo amafika ku Shibuya nkhani yonse ili kale m'mutu. Komabe mwambo wopita kukaona Hachikō ndi wakale kwambiri kuposa filimuyo, chifukwa unayamba galuyo akadali moyo, ndipo pa m'badwo uliwonse pankakhala chida china chofalitsira nkhani, kaya nyuzipepala, buku la kusukulu, wailesi kapena kanema, chimene chinkakoka anthu kupita pamalopo n'kuwauziratu tanthauzo la zimene akukaonazo. Choncho mbiri ya chikumbutsochi ili pawiri: ndi mbiri ya galu mmodzi wa mtundu wa Akita, komanso ndi mbiri ya mmene Ajapani, ndipo pambuyo pake anthu a mayiko ena, akhala akusinthira tanthauzo la kudikira kwake.

Kumene galuyu anachokera

Hachikō anabadwa mu Novembala 1923 pafamu ina pafupi ndi Ōdate, m'chigawo cha Akita kumpoto kwa chilumba cha Honshu, kumene nyengo yozizira imakhala yaitali ndipo kumagwa chipale chofewa chambiri. Agalu a m'derali, amene anatenga dzina la chigawocho, ndi aakulu thupi, a ubweya wochindikala, a makutu osongoka ndi mchira wopiringizikira pamsana, ndipo makolo awo ankayenda ndi alenje a kumapiri otchedwa matagi posaka zimbalangondo ndi nyama zina zakutchire. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mtunduwu unali utasakanikirana kwambiri ndi agalu ena akuluakulu, ena mwa iwo ochokera ku Ulaya, chifukwa anthu okonda kumenyanitsa agalu ankafuna nyama zamphamvu zedi, moti agalu a Akita osasakanikirana anatsala ochepa. Kuchepa kumeneku ndiko kunachititsa kuti pambuyo pake galu wa ku Shibuya aonedwe mosiyana ndi agalu ena onse oyendayenda mumzinda.

Mu Januwale 1924 kagaluko kanatumizidwa pa sitima kupita ku Tokyo kwa Pulofesa Hidesaburō Ueno, katswiri wa zaulimi pa Tokyo Imperial University, amene ntchito yawo yaikulu inali yokhudza kakonzedwe ka minda, ngalande ndi ulimi wothirira. Iwo anamutcha Hachi, mawu otanthauza nambala 8 m'Chijapani, ndipo kachidutswa kakuti "kō" kanawonjezedwa kumapeto monga katchulidwe kachikondi. Mzinda umene kagaluko kanafikamo unali pa chisoni chachikulu, popeza pa 1 Sepitembala 1923 chivomezi cha Kantō, pamodzi ndi moto umene unabuka pambuyo pake, zinapha anthu oposa 100,000 ndi kuwononga mbali yaikulu ya Tokyo ndi Yokohama. Mabanja ambiri anasamukira kumadzulo kwa mzindawo, ndipo dera la Shibuya, limene siteshoni yake inatsegulidwa mu 1885 kukadali minda, linayamba kukula mofulumira n'kukhala pokumanira njanji zingapo. Motero kutchuka kwa galuyu kunadzayendera limodzi ndi kukula kwa siteshoni, chifukwa chaka ndi chaka anthu odutsa pamene iye ankakhala ankachulukirachulukira.

Nthawi imene Hachi anakhala ndi a Ueno inali yaifupi, pafupifupi chaka ndi miyezi inayi. Sukulu ya zaulimi pa nthawiyo inali ku Komaba, mtunda woyenda pansi kuchokera kunyumba kwawo, kotero kuti galuyo ankawaperekeza nthawi zina mpaka pageti la sukulu, ndipo nthawi zina kusiteshoni akakhala ndi ntchito kwina. Nkhani ya mphunzitsi wokwera sitima m'mawa uliwonse n'kudzatsika pa ola limodzimodzi madzulo, imene mafilimu anaikhazikitsa m'maganizo a anthu, inakometseredwa kuposa mmene zinthu zinkachitikira. Pa 21 Meyi 1925 a Ueno anagwa mwadzidzidzi ali kuntchito, mtsempha wa magazi utaphulika mu ubongo, ndipo anamwalira ali ndi zaka 53.

Zaka 7 za galu wosadziwika

Imfa ya a Ueno inapasula khomo lonse. Mayi Yaeko Sakano, amene anakhala nawo monga mkazi wawo kwa zaka pafupifupi 10, sanalembetsedwe m'kaundula wa banja, ndipo malinga ndi malamulo a nthawiyo analibe gawo pa chuma cha masiye, choncho anatuluka m'nyumba ya ku Shibuya. Hachi anasungidwa m'makomo osiyanasiyana, kuphatikizapo ku Asakusa, kutali chakummawa kwa mzinda, koma sanakhazikike kulikonse mpaka cha mu 1927, pamene anaperekedwa kwa bambo Kikuzaburō Kobayashi, amene kale ankasamalira maluwa ndi mitengo pakhomo pa a Ueno ndipo ankakhala ku Tomigaya, kufupi ndi Shibuya. Kuchokera kumeneko galuyo ankayenda kupita kusiteshoni, n'kukakhala pafupi ndi potulukira anthu otsika sitima, kenako n'kubwerera kunyumba. Izi zikutanthauza kuti Hachikō sanali galu wopanda mwini monga ambiri amaganizira, koma anali ndi pogona ndiponso womudyetsa, munthu wamba amene dzina lake silitchulidwatchulidwa.

Pa zaka zoyambirirazi galuyo sankalandira ulemu uliwonse. Chigalu chokhala pakhomo podzaza anthu chinkaonedwa ngati chosokoneza, ndipo amene anamuona pa nthawiyo anasimba kuti ana ankamuvutitsa, ogulitsa malonda ena ankamuthira madzi kuti achoke, ndipo anthu ena ankamulemba kumaso ndi inki pofuna kuseketsa anzawo. Akuluakulu a mzinda nawonso ankagwira ndi kupha agalu oyendayenda pofuna kuthana ndi matenda a chiwewe, kotero kuti galu aliyense wopezeka mumsewu moyo wake unali pachiswe. Khutu lake lakumanzere linagwa, osaimanso ngati linzake, ndipo chilema chimenechi, chimene chimaoneka pa zithunzi za ukalamba wake, chinasungidwa pa chiboliboli chimene chilipo lero. Kwa zaka zingapo anthu masauzande ankamudutsa tsiku lililonse osaona chodabwitsa chilichonse mwa iye, umene ndi umboni wakuti khalidwe la galuyo palokha silikanamutchukitsa pakanapanda munthu wonena nkhani yake.

Nyuzipepala, chiboliboli ndi buku la kusukulu

Munthuyo anali Hirokichi Saitō, amene mu 1928 anayambitsa bungwe la Nihon Ken Hozonkai, lomwe cholinga chake chinali kuteteza mitundu ya agalu a ku Japan kuti isatheretu. Pofufuza agalu a Akita osasakanikirana, a Saitō anakumana ndi Hachi, anamva mbiri yake ndipo anaipereka kwa atolankhani. Pa 4 Okutobala 1932 nyuzipepala ya Tokyo Asahi Shimbun inasindikiza nkhani ya galu wokalamba amene wakhala akudikira mbuye wake kwa zaka 7, ndipo kuyambira tsikulo zinthu zinatembenuka: anthu anayamba kubwera dala ku Shibuya kudzamuona, kudzamusisita ndi kumubweretsera chakudya, ogwira ntchito pasiteshoni anayamba kumusamalira, ndipo dzina lake linayamba kutchulidwa pamodzi ndi mawu akuti chūken, kutanthauza galu wokhulupirika. Apa ndi pamene panayambira ulendo wokaona Hachikō, ndipo oyamba kuuyenda anali owerenga nyuzipepala amene nkhaniyo inawakhudza mtima. Mu Epulo 1934 chiboliboli cha mkuwa, chimene anapanga ndi mmisiri Teru Andō ndi ndalama zimene anthu anasonkha, chinavundukulidwa kutsogolo kwa siteshoni, galu mwiniwakeyo ali pomwepo, kotero kuti kwa miyezi pafupifupi 11 odutsa ankatha kuona galu wamoyo, wokalamba ndi wotopa, ali chapafupi ndi chifaniziro chake.

Kufulumira kwa ulemu umenewu sikungamveke bwino popanda kuona ndale za nthawiyo. Mu 1931 asilikali a Japan analanda dera la Manchuria, m'chaka chomwecho boma linalengeza kuti galu wa Akita ndi chuma chachilengedwe cha dziko choyenera kutetezedwa, ndipo mu 1933 dzikolo linatuluka m'bungwe la League of Nations. Sukulu zinkaphunzitsa phunziro la makhalidwe lotchedwa shūshin, limene mutu wake waukulu unali kukhulupirika kwa mfumu yaikulu ya dziko ndi kumvera makolo, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1930 nkhani ya Hachikō inalowa m'buku la phunziroli la ana a m'makalasi oyambirira, monga chitsanzo cha kusaiwala zabwino zimene munthu wachitiridwa. Chikhalidwe cha Ajapani chinali nazo kale nkhani zotere, pakuti kwa zaka zambiri anthu akhala akupita kukachisi wa Sengakuji, mu Tokyo momwemo, kukafukiza lubani pamanda a ankhondo 47 amene anabwezera imfa ya mbuye wawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Katswiri wa mbiri yakale Aaron Skabelund, m'buku lake la mu 2011 lotchedwa Empire of Dogs, anaonetsa kuti galu wa mtundu weniweni wa ku Japan, womamatira mbuye mmodzi mpaka imfa, anali chizindikiro chogwirizana ndendende ndi zimene boma linkafuna kwa nzika ndi asilikali ake. Galuyo za ndale sankazidziwa, koma ena mwa anthu amene anamukweza ankadziwa bwino chimene ankafuna kuti ana aphunzirepo.

Imfa ndi zimene zinachitika ndi thupi lake

Hachikō anapezeka atafa mumsewu wina wa ku Shibuya m'mawa wa pa 8 Malichi 1935, ali ndi zaka 11. Mtembo wake unanyamulidwa n'kukaikidwa m'chipinda chosungiramo katundu cha pasiteshoni, ndipo chithunzi chimene chinajambulidwa tsikulo, chomwe chilipo mpaka lero, chimaonetsa galuyo atagonekedwa chammbali, mayi Yaeko ndi ogwira ntchito pasiteshoni atamuzungulira, ena atagwada n'kuphatikiza manja monga amachitira pamaliro a munthu. Nyuzipepala zinalengeza imfayo m'dziko lonse, maluwa anaunjikana pachiboliboli, ndipo ansembe achibuda anachititsa mapemphero a maliro.

Zimene zinachitika ndi thupi lake ndizo zinakhazikitsa malo amene alendo amayendera mpaka pano. Chikopa chake chinafufutidwa n'kuikidwa zinthu m'kati kuti galuyo azioneka ngati wamoyo, ndipo ali chiimire m'nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ndi zasayansi ya National Museum of Nature and Science, m'paki ya Ueno, dera limene dzina lake langofanana ndi la mbuye wake. Kumanda a Aoyama kunaikidwa kamwala kachikumbutso pambali pa manda a pulofesayo, pomwe ziwalo zina za m'kati zinasungidwa m'mabotolo pa yunivesite. Ziwalozo zinadzayankha funso limene linakhalapo kwa zaka 76, chifukwa kale ena ankati galuyo anafa ndi nyongolotsi za mumtima, zimene zimafala ndi udzudzu, pomwe ena ankati anabayidwa m'mimba ndi timitengo ta yakitori, nyama ya nkhuku yootcha imene imagulitsidwa itatungidwa pa kamtengo, popeza timitengo tinayi tinapezeka m'chifu chake. Mu 2011 akatswiri a pa University of Tokyo, lomwe ndi dzina lamakono la yunivesite ija, atapimanso ziwalozo ndi zipangizo zamakono anapeza kuti, kuwonjezera pa nyongolotsizo, galuyo anali ndi khansa kumtima ndi m'mapapo, ndipo timitengo tija sitinaboole chifu.

Nkhondo ndi chiboliboli chachiwiri

Chiboliboli choyambacho chinakhala zaka 10 zokha. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itafika povuta, boma linalamula kuti zitsulo zisonkhanitsidwe, kuyambira mabelu a akachisi, zipata ndi miphika mpaka ziboliboli, kuti zikasungunulidwe n'kupangira zipangizo zofunika pa nkhondoyo, ndipo mu 1944 chifaniziro cha Hachikō chinachotsedwa pamalo pake n'kulowera komweko. Agalu amoyo nawonso sanapulumuke, chifukwa njala inakula ndipo ambiri anaphedwa kuti zikopa zawo zisokedwe zovala za asilikali, moti nkhondo pomatha agalu a Akita anatsala owerengeka. Boma lomwe lija limene linkauza ana kuti atengere chitsanzo kwa galu wokhulupirika ndi limene linasungunula chikumbutso chake ndi kutsala pang'ono kutha mtundu wake. A Teru Andō anafa mu 1945 pamene ndege za America zinkaponya mabomba pa Tokyo, ndipo mbali yaikulu ya Shibuya inasanduka phulusa.

Pa 15 Ogasiti 1948, patatha zaka zitatu chithere nkhondo, chiboliboli chatsopano, chimene anapanga ndi Takeshi Andō, mwana wa mmisiri woyamba uja, chinaimikidwa pasiteshonipo, dziko lili pansi pa ulamuliro wa asilikali a mayiko opambana motsogozedwa ndi America. Phunziro la shūshin linali litaimitsidwa, choncho nkhani ya Hachikō inafunika tanthauzo latsopano, ndipo kudikira kwake kunaleka kufotokozedwa ngati udindo wa wantchito kwa mbuye wake, n'kuyamba kufotokozedwa ngati chikondi ndi ubwenzi, zinthu zimene wogonja ndi wopambana sakanakangana pa izo. Helen Keller, mayi wa ku America wosaona ndi wosamva amene anatchuka pomenyera ufulu wa anthu aulumali, ali ndi malo ake m'mbiri imeneyi, popeza atayendera Japan mu 1937 anapatsidwa galu wa Akita, amene amawerengedwa kuti ndi woyamba wa mtunduwu kufika ku America, ndipo atabweranso mu 1948 anapita ku Shibuya kukapapasa chiboliboli chatsopanocho ndi manja.

M'zaka zotsatira chibolibolicho chinapeza ntchito ina ya tsiku ndi tsiku, yokhala malo odikirirana. Siteshoni ya Shibuya inakula n'kukhala imodzi mwa masiteshoni odutsa anthu ambiri padziko lapansi, yokhala ndi makomo ochuluka osokoneza mutu, ndipo mafoni a m'manja asanabwere mabwenzi ndi zibwenzi ankangopangana kuti akumane pa Hachikō. Khomo la mbali imeneyo limatchedwa Hachikō-guchi, kutanthauza khomo la Hachikō, timabasi toyenda m'dera la Shibuya takhala tikudziwika ndi dzina lake kuyambira mu 2003, ndipo chaka chilichonse pa 8 Epulo pamachitika mwambo womukumbukira. Mu 1994 wailesi ya Nippon Cultural Broadcasting inaulutsa kuuwa kwa galuyo kuchokera pa mbale yakale ya galamafoni imene inali itasweka n'kukonzedwanso.

Mafilimu ndi kufala kwa nkhaniyi kunja

Filimu imene inadzutsanso nkhaniyi pakati pa Ajapani obadwa nkhondo itatha ndi Hachikō Monogatari ya mu 1987, imene anaitsogolera ndi Seijirō Kōyama, nkhani yake atailemba Kaneto Shindō, ndipo Tatsuya Nakadai ndiye anasewera ngati pulofesayo. Filimuyi inali m'gulu la mafilimu a ku Japan amene anthu anaonera kwambiri chaka chimenecho, ndipo sinabise nkhanza zimene galuyo anakumana nazo, ngakhale kuti inawonjezera chisoni pomuonetsa akufa yekhayekha m'chipale chofewa kutsogolo kwa siteshoni. M'chaka chomwecho anthu a ku Ōdate, amene chiboliboli chawo cha mu 1935 chinasungunulidwanso pa nkhondo, anaimika chatsopano pasiteshoni yawo.

Imene inatengera dzina la galuyu kumayiko ena ndi Hachi: A Dog's Tale ya mu 2009, yotsogoleredwa ndi Lasse Hallström wa ku Sweden, mmene Richard Gere anasewera ngati mphunzitsi wa nyimbo. Nkhaniyo inasamutsidwa kuchoka mu Tokyo wa m'ma 1920 n'kuikidwa m'katauni kongopeka ka ku America wamakono, ndipo mbali yaikulu inajambulidwa m'chigawo cha Rhode Island, kuphatikizapo ku Woonsocket. Ku America komweko filimuyi sinaonetsedwe kwambiri m'nyumba za kanema, koma inayenda dziko lonse kudzera pa ma DVD, pa wailesi yakanema ndi pa intaneti, ndipo popeza kumapeto kwake imatchula za Hachikō weniweni ndi kuonetsa chiboliboli cha ku Shibuya, inalozera oonera malo enieni oti apiteko ndi chisoni chawo. Mu 2012 anthu a ku Woonsocket anaimika chiboliboli chofanana nacho pasiteshoni yawo yakale, kotero kuti malo ojambulira filimu nawonso anasanduka chikumbutso cha galu amene sanapondeko, ndipo mu 2023 opanga mafilimu a ku China anasimbanso nkhaniyo ataiika mumzinda wa Chongqing, galu wake ali wamba wa kumeneko.

Kusamuka kotereku kunatheka chifukwa nkhaniyo inachotsedwa zonse zoimangirira ku dziko limodzi ndi nyengo imodzi. Mu filimu ya 2009 mulibe chivomezi, mulibe mfumu, mulibe nkhondo, mulibenso mayi wotulutsidwa m'nyumba chifukwa cha kaundula wa banja, koma mwatsala munthu, galu ndi siteshoni, zimene woonera wa kulikonse angazimve popanda womufotokozera. Mphamvu ya filimuyo ili pamenepa, ndipo kupereweranso kwake kuli pomwepa.

Ulendowu masiku ano

Ajapani ali ndi mawu akuti seichi junrei, amene poyamba ankanena za ulendo wachipembedzo wopita kumalo opatulika, koma masiku ano amanenanso za ulendo wa anthu opita kukaona malo amene anawaona mu filimu kapena m'makatuni. Ulendo wa ku Shibuya ndi wa mtundu wachiwiriwu, ndipo wakula limodzi ndi ntchito yokopa alendo, popeza alendo akunja olowa m'dziko la Japan, amene anali pafupifupi 5 miliyoni mu 2003, anapitirira 31 miliyoni mu 2019 ndipo anapitirira 36 miliyoni mu 2024.

Chimene mlendo amakapeza n'chosiyana kwambiri ndi kasiteshoni kabata ka mu filimu. Chibolibolicho, chimene kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi galu wamoyo, chazunguliridwa ndi nyumba zosanja zokhala ndi zikwangwani za magetsi zolengeza malonda mwaphokoso, ndipo mapazi ochepa kuchokera pamenepo pali mphambano yotchuka imene magalimoto onse amaima nthawi imodzi kuti chikhamu cha anthu chiwoloke kulowera mbali zonse. Galu wa mkuwayo wakhala tsonga pamwamba pa mwala, khutu lakumanja laima, lakumanzere lagwa, ndipo miyendo yake yakutsogolo yayera ndi kusalala chifukwa cha manja osawerengeka amene aigwira. Alendo amaima pamzere, aliyense n'kupeza kamphindi kochepa kojambulitsa, pomwe pambali pawo achinyamata a mu Tokyo amadikira anzawo maso ali pafoni, osacheukira n'komwe galuyo. Anthu amachulukana pamalopa moti kumapeto kwa Okutobala 2023, chaka chokumbukira kuti patha zaka 100 chibadwire Hachikō, akuluakulu a Shibuya anatchinga chibolibolicho ndi mpanda kwa masiku angapo pofuna kuchepetsa chipwirikiti cha chikondwerero cha Halloween.

Zikumbutso zatsopano zayesetsa kubwezeretsa anthu amene nkhaniyo inawasiya m'mbuyo. Mu 2012 pasiteshoni ya Hisai mumzinda wa Tsu, kwawo kwa a Ueno, panaimikidwa chiboliboli cha pulofesayo ali ndi galu wake. Mu Malichi 2015, pokumbukira kuti patha zaka 80 chifere Hachikō, sukulu ya zaulimi ya University of Tokyo inavundukula china choonetsa galuyo akudumphira mbuye wake amene wangofika kumene. Ndipo mu Meyi 2016 gawo la phulusa la mayi Yaeko, amene anamwalira mu 1961, linakaikidwa m'manda a pulofesayo ku Aoyama monga momwe mayiwo ankafunira. Khalidwe lokaona zikumbutso za agalu si la ku Japan kokha, pakuti ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, chiboliboli cha Greyfriars Bobby, kagalu kamene akuti kanalondera manda a mbuye wake kuyambira mu 1858 mpaka imfa yake mu 1872, chinaimikidwa mu 1873, chinatchuka kwambiri ndi filimu ya Disney ya mu 1961, ndipo alendo achisisita mphuno mpaka kuisupula, ngakhale kuti ofufuza ena amakayikira mbali zina za nkhani yake. Kusiyana kwake n'kwakuti Hachikō ali ndi umboni wochuluka, monga zithunzi, nkhani za m'nyuzipepala zolembedwa iye ali moyo, ndiponso thupi lake lenilenilo.

Chimene umboni ukutsimikiza

Kwa nthawi yaitali pakhala anthu onena kuti galuyo ankapita kusiteshoni chifukwa cha nyama imene ogulitsa ndi odutsa ankamuponyera, osati chifukwa cha mbuye wake, ndipo timitengo tinayi tija amatitenga ngati umboni wawo. Omuikira kumbuyo amayankha kuti chakudya chinachuluka galuyo atatchuka kale, pomwe pa zaka zoyambirira chimene ankalandira kawirikawiri pamalopo kunali kupirikitsidwa, komanso kuti kwa a Kobayashi ankadya mokwanira. Maganizo awiriwa satsutsana kwenikweni, chifukwa galu amazolowera munthu ndi malo nthawi imodzi, ndipo pamene ankakumanirana ndi mbuye wake n'pomweponso pamene pambuyo pake anapeza chakudya ndi manja omusisita. Chimene zolembedwa zimatsimikiza n'chakuti galu amene anakhala ndi munthu kwa chaka ndi miyezi inayi anapitiriza kubwerera pamalo amene ankamuchingamira mpaka imfa yake, pa nthawi yozunzidwa ndi pa nthawi yolemekezedwa pomwe. Maphunziro onse amene asenzetsedwa pa khalidwe limeneli, la kumvera mfumu, la ubwenzi wa mayiko kapena la chikondi cha m'banja, ndi a anthu, ndipo m'badwo uliwonse unasankha phunziro limene unkalifuna.

Pa chifukwa chimenechi, munthu amene filimu yamuliza n'kupita ku Shibuya salakwa kanthu, pakuti akuchita zimene ena akhala akuchita kuyambira mu 1932, koma akangothera pachiboliboli chokha amaona ntchito ya mu 1948, imene siinena za mayi Yaeko, za a Kobayashi kapena za chiboliboli choyamba chimene chinasungunulidwa. Wofuna mbiri yonse ayenera kufikanso kumanda a Aoyama, kunyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya m'paki ya Ueno, ndi kusukulu ya zaulimi ya University of Tokyo. Malo anayi onsewa ali mumzinda wa Tokyo, ndipo munthu angathe kuwayendera tsiku limodzi pa sitima.